Chaka Chimene Udzudzu Unakwera Phiri

Anthu a ku Mhuju amachikumbuka ngati chaka chimene chimanga chinauma chisanafike m'chiuno. Ine ndimachikumbuka ngati chaka chimene ndinapereka mwana wanga Wezi m'manja mwa anthu ophunzira. Papita zaka, koma mtima wanga sunazizire, ndipo sindikufuna kuti uzizire. Wofuna nkhani yokhululukirana akafunse abusa.

Kwathu ndi ku Dedza, ku Rumphi ndinabwera ndi ukwati. Kwathu mwana ndi wa mayi ndi amalume ake, koma kuno malowolo akangoperekedwa, iwe ntchito yako ndi kubereka, eni ana ndi akuchimuna. Chaka chimenecho bambo a Wezi anali ku Joni, ntchito ikuwavuta, foni ikulira mwa apo ndi apo. Ine ndinatsala ku Mhuju ndi kamunda ka chimanga ndi kabenchi ka tomato ndi zitumbuwa pa siteji ya maminibasi. Wezi anali ndi zaka zinayi, wolongolola ngati wailesi ya m'golosale. Ankasakaniza Chitumbuka ndi Chichewa, makasitomala n'kumamuputa dala kuti amve mmene ayankhire.

Okutobala

Apongozi anga aamuna, a Mhango, amakhala kumtunda kwa Nchenachena, kumene msewu umatopa n'kusanduka njira ya mbuzi. Ndi mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, munthu wopita kumunda wa khofi atapisira malaya. Akazi awo anamwalira kale. Amene amawasunga ndi mwana wawo wamkazi, alamu anga anyaMhango.

M'banjamo munali lamulo lakale. Mvula ikayandikira, ana aang'ono onse amene makolo awo ali m'chigwa kapena kunyanja ankakwera kuphiri, n'kudzatsika mu Epulo. Chifukwa chake chinali malungo. A Mhango sankanena za mizimu, ankanena za kusukulu, ndipo ndisawanamizire, ankazidziwa. Ankati udzudzu ukaluma wodwala, kachilombo ka malungo kamayenera kukhwima kaye m'thupi mwa udzudzuwo kasanathe kulowa mwa munthu wina, ndipo chimene chimakakhwimitsa ndi kutentha. M'chigwa kamakhwima msanga. Kuphiri kumazizira, kachilomboko kamachedwa, udzudzu n'kufa usanapatsire munthu. Ankafotokoza zimenezi chaka ndi chaka ngati tonse tili m'kalasi mwawo, n'kumaliza ndi mawu omwewo, akuti kwawo kulibe malungo, malungo ndi a anthu a m'munsi. Ana awo onse anakula osagonapo mu neti, ndiye palibe amene ankawatsutsa.

Lamulo lina linali la ine ndekha. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Umagwada patali, mawu ako n'kupatsira alamu, alamuwo n'kukawafikitsa. Tsoka lake, alamu anga anali ndi sefa m'kamwa. Ukawapatsa mawu a tsabola, kwa adada awo ankafika ali phala la mwana.

Mwezi umenewo kunatentha moti tomato ankafota pa benchi dzuwa lisanafike pamutu. Amayi otsika kuphiri ndi nthochi ankadabwa okha kuti kwawonso akugona osafunda. A Mhango anali kalikiliki kuumbitsa njerwa za nyumba imene ankafuna kuti mwana wawo adzakhalemo akabwera ku Joni. Dothi analikumba kuseri kwa nyumba yawo yomwe, maenje n'kuwasiya osakwirira, ati adzaona mvula ikatha.

Novembala

Mvula yoyamba inali yonama. Tinabzala, chimanga chinamera, dzuwa n'kuchiwotcha chili masamba awiri. Tinabzalanso ndi chimanga cha m'nkhokwe chimene chinayenera kukhala chakudya. Pamsika mtengo unayamba kukwera sabata ndi sabata, ndipo mavenda anayamba kuyezera m'ndowa zophwanya pansi. Ndikadandaula ankandiuza kuti ndikagule kwathu ku Dedza.

Alamu anatsika kudzatenga Wezi. Poyamba ndinakana. Ndinati mwanayu chibadwire amagona mu neti, sanagonekedwepo ndi malungo, ndimusamala ndekha. Alamu anayang'ana thumba langa la ufa limene linali litayamba kale kugwada, n'kungonena kuti kuphiri kuli chinangwa ndi nthochi. Madzulo ake bambo a Wezi anaimba foni, ati ndisawachititse manyazi kwa adada. Nkhani inathera pomwepo, chifukwa ine ndinali ndekha, iwo anali atatu, wachinayi njala.

Ndinalongedza tizovala take, juzi, ndi neti yake yobiriwira imene ndinalandira kusikelo. Ndinawapempha alamu kuti akaimangirire tsiku lomwelo. Anaseka.

"Yewo, mlamu, tamva. Koma kwathu netiyi ikakola chiyani, mphepo?"

Wezi anakwera njinga yamoto akuimba, osacheuka n'komwe.

Disembala

Mvula yeniyeni inabwera ndi ukali. Mitsinje yochokera kumapiri a Nyika inadzaza, milatho yamitengo inapita, anjinga zamoto anasiya kukwera phiri. Chimanga chathu chachiwiri chinadzuka, anthu n'kuyambanso kuseka pamsika. Udzudzu nthawi imeneyo unali wochepa, chifukwa madzi othamanga sasunga mazira, chilichonse chinkakokoloka.

Pa Khirisimasi ndinakwera wapansi. Ndinkayembekeza kuzizira kuja kumene kunkandiluma zala zaka zam'mbuyo, koma ndinafika thukuta lili kamukamu, ndipo ngakhale dzuwa litapendeka palibe amene anafuna chofunda. Juzi ya Wezi inali chipindire mmene ndinaipindira. Mwiniwake anali atanenepa, nthochi zinamuyanja. Koma m'miyendo monse munali timabala tokanda.

Neti ndinaipeza kumunda. Anaiyala pa timitengo pamwamba pa nazale ya khofi kuti izichita mthunzi. Alamu anandifotokozera popanda ndi manyazi omwe kuti dzuwa la chaka chino likuwotcha mbande, zimene sizinachitikepo kwawoko, ndiye adada anaona kuti netiyo ikungokhala. Munthu amene ankatiphunzitsa kuti kutentha ndiko kumakhwimitsa malungo anaona ndi maso ake kuti phiri latentha mpaka kuwotcha khofi, ndipo chimene anaganiza kuteteza ndi khofiyo.

Ndinagwada pakhonde, patali monga mwa mwambo, n'kuuza alamu akanene kuti neti ibwerere pogona mwana lero lomwe, ndipo maenje a njerwa aja, amene tsopano anali odzaza madzi, akwiriridwe. Ndinamva ndi makutu anga mmene anafikitsira. Ati mkamwana akuthokoza chomene kuti mwana wanenepa, komanso akufunsa ngati neti ingadzabwerere mbande zikalimba. A Mhango anagwedeza mutu mokoma mtima, ati zilimba posachedwa.

Netiyo ndinakaichotsa ndekha, n'kuikutumula, n'kuimangirira. Ndinamva pambuyo pake kuti inabwerera ku nazale ine ndisanafike n'komwe m'munsi. Zomutenga Wezi ndinaziganiza, koma ufa wa kunyumba kwanga sukanafika chaka chatsopano. Ndinatsika ndekha ndi mkoko wa nthochi pamutu, ndikutukwana njira yonse.

Januwale

Mvula inaduka ngati wina watseka mpope. Chimanga chinapota masamba, china n'kutulutsa ngayaye chili chachifupi ngati mwana. M'mawa uliwonse tinkayang'ana ku Nyika, mitambo n'kusonkhana, n'kubalalikanso. Atchalitchi anapemphera, achikulire anakambirana zawo, kumwamba kunangoti zii.

Njala inalowa m'nyumba osagogoda. Kudepoti yogulitsa chimanga tinkaima pamzere tsiku lonse n'kubwerako ndi matumba opanda kanthu. Lero umve kuti lole ya chimanga yanyamuka ku Mzuzu, mawa umve kuti yakhotera ku Tanzania, mkuja umve kuti sinanyamuke n'komwe. A Nyirenda oyandikana nane anagulitsa mbuzi, kenako njinga, kenako anayamba kuzula malata a kukhitchini. Ena anapita kuganyu m'minda ya fodya cha ku Phwezi, malipiro ake gaga. Amene anali ndi achibale kunyanja anatsikira komweko kukapempha chinangwa. Ine zitumbuwa ndinasiya, panalibe wogula. Ndinkadya kamodzi patsiku, phala la gaga, ndipo mimba ikavuta ndinkaphika mango osapsa.

Ng'amba yomweyo ndiyo inabereka udzudzu. Madzi a mu Disembala amene anatsalira m'zithaphwi, m'maenje ndi mopondamo ng'ombe anangoima, dzuwa n'kuwafunditsa ngati osambitsira khanda. Ukasuzumira unkaona tinyongolotsi tikuvina. Dzuwa likamalowa udzudzu unkatuluka ngati utsi. M'chigwa malungo anayenda khomo ndi khomo, ndipo thupi lanjala silichedwa kugonja. Ena ankati ndi mango osapsa aja, ena ankati ndi gaga wovunda, koma ponena za chochita ife a m'munsi sitinkatsutsana. Mwana akangotentha thupi, kumsana, ulendo wa kuchipatala kukabayidwa chala.

Alipo amene amafunsa kuti bwanji sindinakamutenge mwana. Amafunsa atakhuta. M'nyumba mwanga munalibe chomupatsa, ana a m'chigwa ankadwala tsiku ndi tsiku, ndipo uthenga uliwonse wochokera kuphiri unkati Wezi ali bwino, akudya, akuimba ku Sande sukulu. Ndikaona munthu wa kumeneko ndinkatumiza mawu a neti ndi maenje. Mawu onsewo ankafikira kwa alamu.

Febuluwale

Mvula inabweranso, koma yongowaza, yodzazitsa zithaphwi osakokolola kanthu. Chimanga chathu chambiri inachipeza chitafa kale. Kutentha sikunasunthe.

Uthenga sunabwere ndi alamu. Unabwera ndi mayi wina wa nthochi amene anandipeza pa siteji n'kufunsa ngati mwana wanga wapezako bwino. Ndinati mwana uti. Anagwira pakamwa. Kenako anaulula kuti Wezi akutentha thupi chiyambire sabata yatha, ndipo si yekha, kumtundako nyumba zambiri zili ndi odwala, akulu ndi ana omwe. Onse ankati ndi chimfine cha mvula.

Benchi ndinaisiya momwemo. Wanjinga yamoto anandifikitsa pamene matope anamukaniza, kotsalako ndinathamanga. Wezi ndinamupeza kuchipinda atamufunditsa mabulangete, mazenera otseka. Kuphiri mwana akatentha thupi n'kumanjenjemera amati yamulowa mphepo, ndipo mankhwala ake ndi bulangete, tiyi wa mandimu, panado ndi pemphero. Zinkawathandiza zaka zonsezo chifukwa kale chinkakhaladi chimfine. Ndinamuvundukula. Thupi linali moto, zikhatho zitayera, maso akuyang'ana kumene kulibe munthu. Ndinamuitana, sanandidziwe. Ndili chimugwirire anayamba kuuma n'kumagwedezeka.

Ndinatuluka naye kumsana. A Mhango anali pakhonde ndi Baibulo. Sindinagwade, sindinayang'ane alamu. Ndinaima pamaso pawo chilili, koyamba chikwatiwire.

"Adada, awa ndi malungo."

Alamu anandikoka chitenje. "Mlamu, ulemu. Nenani kwa ine."

"Ndanena kwa inu chiyambire Novembala. Lero amve okha."

A Mhango anavula magalasi. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zimandiwawa mpaka lero. Analankhula mofatsa ngati akukonza mwana wolakwitsa samu.

"Mkamwana, ndinabadwira pano, ndakalambira pano. Kuno kulibe malungo. Mukatuluka naye pamvulapa ndi pamene chibayo chimugwire."

"Neti ya mwana wanga ili kuti?"

Anatseka Baibulo lawo.

"Munaona kuti kwatentha, adada. Khofi munamumvera chisoni."

Ndinatsika osatsanzika. Pa chipatala chaching'ono cha m'munsi anamubaya chala, ndipo kachipangizo koyezera kaja sikanachedwe kuonetsa. Namwino anamubaya jakisoni n'kuitanitsa ambulansi yopita ku chipatala chachikulu cha ku Boma. Pa benchi ya panja panali anthu a kuphiri okhaokha, ena madoda a imvi, akunjenjemera ndi matenda amene moyo wawo wonse ankangowamvera kwa ife.

Malichi

Wezi anakhala masiku ali chikomokere. Anamuthira magazi, anamuika madiripi, ine ndili pansi pambali pa bedi. Wodi ya ana inali yodzaza. Ife odikirira odwala tinkaphikira pashedi, tikubwerekana ufa ndi mchere, ndipo mayi wina wa kunyanja ankandigawira usipa osandifunsa ngakhale dzina. Mlendo ameneyo anandichitira zimene abale a mwana wanga sanachite.

Adokotala ananena kuti chaka chimenecho ankalandira ambiri ochokera kumapiri, ndipo ankafika atadwalitsa. Matupi awo sanazolowere malungo, komanso kwawoko palibe amene ankawaganizira msanga. Alamu anabwera kamodzi ndi nthochi ndi nkhope yachisoni. Nthochi ndinalandira chifukwa mwana akadzuka akanafuna kudya. Nkhopeyo anabwerera nayo.

Wezi anadzuka m'mawa wina. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Amama." Ndinalira mpaka amayi anzanga anandigwira. Anayamba kumwa phala, kenako kukhala tsonga. Ndinaona kuti salongolola ngati kale, ndipo ukamufunsa kanthu amangokuyang'ana pakamwa, koma ndinati ndi kufooka chabe.

Tsiku lina masana kunagwa mvula yamabingu. Chiphaliwali chinagwa pafupi, mazenera ananjenjemera, ana onse m'wodi anakuwa n'kukakamira amayi awo. Wezi anapitiriza kusenda nthochi yake. Ndinazungulira kumbuyo kwake n'kuitana dzina lake, poyamba monong'ona, kenako mokuwa mpaka anamwino anathamangira. Sanacheuke.

Adokotala anati malungo akafika kumutu nthawi zina amasiya chilema, mwina makutu adzatseguka, mwina ayi. Sanatseguke. Mawu amene anali nawo anayamba kuthothoka limodzilimodzi, a Chitumbuka ndi a Chichewa omwe.

Meyi

Mu Epulo ana ena a m'banjamo anatsika kuphiri monga mwa nthawi zonse, awiri ataonda ndi malungo koma akumva. Ine ndinakolola chimanga chosadzaza ngolo, china chofumbwa chili m'munda momwe. Amene anapulumuka ndi amene anabzala mbatata mvula yowaza ija itabwera. Mtengo wa chimanga unatsikako pang'ono, a Nyirenda anafolera khitchini yawo ndi udzu. Kenako kunayamba kuzizira, zithaphwi zinauma, udzudzu unazimiririka ngati sunakhalepo.

Kutangozizira, a kuphiri anayamba kukonza nkhani. Ati malungo anabwera ndi anthu a m'chigwa. Alamu anauza amayi a kutchalitchi kuti Wezi anakwera nawo kale m'magazi kuchokera kunyumba ya mayi ake Mchewa, amene sadziwa kusamala mwana. Mwana amene anakwera mu Novembala akuimba, n'kudzadwala mu Febuluwale. Bambo a Wezi nawo anaimba foni, osati kufunsa za makutu a mwana, koma kundiuza kuti ndinanyoza adada pamaso pa anthu, ndikapepese ndi nkhuku. Ndinawauza kuti nkhuku zonse ndinadya mu Januwale.

A Mhango anatsika okha. Anabwera wapansi, malaya akuwakhwepa, chifukwa nawonso malungo anawagwetsa mu Malichi. Alamu sanabwere nawo, ndiye panalibe wopatsira mawu. Anakhala pa chitsa pakhomo. Wezi anathamanga n'kukakhala pamiyendo pawo. A Mhango anamuitana, anamuitananso, kenako anasiya.

"Mkamwana," anatero akuyang'ana pansi, "bulangete langa lachiwiri ndinalipinda mu Okutobala. Ndinkadziwa tanthauzo lake. Ndinangoti phiri silingasinthe ine ndili moyo."

Ndinadikira kuti mtima wanga ufewe, koma sunafewe. Ndinawauza kuti mawu amenewo akawanene kutchalitchi kumene mwana wawo wamkazi akundipaka matope. Ndinamva kuti anakanenadi, ataima kutsogolo, ndipo tsopano kumtundako mwana akatentha thupi amathamangira kukabayitsa chala. Ana a eni apindula. Kwa Wezi sizinabweze kanthu.

Lero Wezi wandifika m'phewa. Kuphiri sanapitenso, ndipo sadzapita ine ndikupuma. Koma Loweruka lililonse a Mhango amatsika ndi ndodo yawo, choko chili m'thumba, n'kukhala naye pansi pa mtengo wa mango kumuphunzitsa kulemba pa kabolodi. Aphunzitsa ana a anthu moyo wawo wonse, koma sindikhulupirira kuti analimbikirapo chonchi. Wezi amawakonda kuposa munthu aliyense, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa bodza la alamu. Akawaona potulukira amathamanga manja ali m'mwamba. Ine mpando ndimatulutsa, moni ndimapereka, kupitirira apo ayi.

Tsopano amalemba ziganizo zathunthu, ndipo wayamba mafunso. Wafunsa kale chifukwa chimene bambo ake sabwera. Wafunsa kumene mvula imachokera. Latsala funso limodzi, ndipo tonse awiri tikudziwa kuti lili m'njira. Ndinawauziratu a Mhango kuti tsiku limene adzalembe kufunsa chimene chinatseka makutu ake, ine choko sindidzagwira. Adzayankha ndi iwo, ndi dzanja lawo, mwana akuwayang'ana, ine ndili pomwepo ndikuwerenga kuti pasachoke liwu ngakhale limodzi.

Anati yewo, ndiye kuti avomera. Loweruka lapitali anatsikanso.